Kamera ya Asahi Pentax imene bambo anasiya m'sutikesi

Funso: Bambo athu anatisiya chaka chatha. Pa unyamata wawo anali wojambula zithunzi, ankayenda pa njinga m'maukwati, m'masukulu ndi m'matchalitchi. Titatsekula sutikesi yawo tinapezamo kamera yachitsulo yolemera, yolembedwa kuti Asahi Pentax K1000. Mnzanga wa kuntchito ali ndi yofanana nayo, koma yake inangolembedwa Pentax basi, ndiye akuti yathuyi ndi feki. Kodi Asahi ameneyu ndi ndani? Kampani yake ikadalipo? Nanga tiisunge kapena tiigulitse? Ndine mayi wa ku Balaka.

Yankho: Pepani ndi imfa ya bambo, mayi. Ndiyambe ndi kukuchotsani nkhawa: kamerayo si feki. Yanuyo ndi ya mnzanuyo ndi za bere limodzi, kungoti yanuyo ndiye yoyamba kubadwa.

K1000 inapangidwa kwa zaka 21, kuyambira 1976 mpaka 1997. Zoyambirira zinkachokera ku Japan, mu 1978 ntchito yolumikiza inasamukira ku Hong Kong, kenako mu 1990 inapita ku China. Itafika ku China, eni ake anachotsa dzina la Asahi pamphumi pa kamera, ndipo zivindikiro za pamwamba ndi pansi, zimene kale zinali zachitsulo, anayamba kuziumba ndi pulasitiki wopaka utoto wonga siliva. Mukadzakumana ndi mnzanuyo, dzagogodeni makamera onse awiri ndi chikhadabo. Khutu lidzakuuzani lokha.

Koma musanaiseweretse, pali chinthu chimodzi chofunika changu. N'kutheka kuti muli filimu imene bambo sanaimalize, ndipo mukangotsekula chitseko chakumbuyo, kuwala kupha zithunzi zonse nthawi yomweyo. Pamwamba, kudzanja lamanzere, pali kachitsulo kozungulira kokhala ndi kachogwirira kopinda. Musakakokere m'mwamba, chifukwa ndi mmene chitsekocho chimatsekukira. Tambasulani kachogwirirako, muzungulitse pang'onopang'ono motsatira kamuvi kojambulidwa pamenepo. Kakamangozungulira mopepuka osalimba, palibe choopsa. Kakayamba kulimba, filimu ilimo. Dinani kabatani kakang'ono kamene kali kunsi kwa kamera, muzungulitsebe mpaka mutamva kuti kamasuka, ndiyeno mutsekule. Mukatero mutha kuyesa zonse zimene ndifotokoze m'munsimu, chifukwa mbiri ya kampani imeneyi imamveka bwino kamera ili m'manja.

Asahi si dzina la munthu. M'Chijapani limatanthauza dzuwa la m'mawa, ndipo ku Japan makampani ambiri osagwirizana n'komwe amalikonda: kuli nyuzipepala ya Asahi, kuli mowa wa Asahi. Wathuyu ndi Asahi Kogaku, amene m'maiko akunja ankadziwika kuti Asahi Optical. Anaiyambitsa ndi Kumao Kajiwara mu November 1919 mumzinda wa Tokyo, ndipo sinayambe ndi makamera ayi. Inali kafakitale kopala magalasi a m'maso, mandala amene. Mawu amenewa ife timawadziwa bwino, si paja Mandala ya ku Blantyre inatchedwa choncho chifukwa cha magalasi amene John Moir ankavala. Kuchoka pa mandala a m'maso anayamba kupala malenzi a makina oonetsera kanema, ndipo m'zaka za m'ma 1930 anali kupalira malenzi makampani ena awiri opanga makamera, amene pambuyo pake anadzatchuka ndi maina a Konica ndi Minolta. Kunali ngati mmisiri amene amasoka zovala koma chizindikiro cha pakolala n'kukhala cha sitolo ya wina.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inasandutsa fakitaleyi kukhala yopanga zida zoonera za asilikali, ndipo Japan itagonja mu 1945 kampaniyo inathetsedwa. Inadzukanso mu 1948 pansi pa Saburo Matsumoto, wachibale wa Kajiwara, n'kuyamba kupeza ndalama pogulitsa timagalasi toonera patali.

Matsumoto ndiye anaganiza zoti atope n'kupalira ena. Pa nthawi imeneyo pafupifupi aliyense ku Japan ankatengera makamera a ku Germany: Canon ankatsanzira Leica, Nikon ankaonera kwa Contax ndi Leica yemweyo, ndipo timakampani tambirimbiri tinkakopera Rolleiflex. Makamera onsewa anali ndi vuto limodzi. Diso la wojambula limasuzumira pa kawindo kena, filimu n'kumaonera pa lenzi ina. Munthu akakhala patali sizidziwika, koma mukamuyandikira, zimene mukuona inu ndi zimene kamera ikuona zimasiyana. Zithunzi zakale zija zimene munthu mutu wadulidwa pamwamba, kawirikawiri gwero lake ndi limeneli. Matsumoto anasankha njira imene Ajeremani a kampani ya Ihagee anaibweretsa pa makamera a filimu ya 35mm mu 1936 ndi Kine Exakta: lenzi imodzi yokha, diso ndi filimu zizionera pamodzimodzi. Mu 1952 anatulutsa Asahiflex I, kamera yoyamba ya mtundu umenewu ya filimu ya 35mm kupangidwa ku Japan.

Kuti mumvetse, chotsani lenzi. Pafupi ndi tsinde lake pali kachitsulo kodina. Kadineni, mupotoze lenzi chakumanzere, ituluka. M'katimo muona kalilole kakang'ono kopendekeka. Musakagwire ndi chala ndipo musakapukute ndi chitenje, chifukwa siliva wake ali pamwamba penipeni, sali kuseri kwa galasi monga kalilole wa m'nyumba. Kuwala kukalowa pa lenzi, kaliloleko kamakuponyera m'mwamba kuti diso lanu lione. Tsopano kokani chokokera filimu ndi chala chachikulu chakumanja, mudine batani. Kalilole kalumphira m'mwamba, kansalu kakuda ka kumbuyo kamene timakatcha shata katseguka n'kutsekeka, kalilole n'kubwerera pamalo pake musanaphethire n'komwe. Kubwerera kumeneko lero kumaoneka ngati si kanthu. Koma makamera ambiri a mtundu uwu a nthawi imeneyo, ukangodina batani, m'kawindo munkada bii mpaka utakokanso filimu. Sunkadziwa ngati munthu waphethira kapena watembenuka. Anthu ena ku Hungary anayesapo kukonza zimenezi koma makamera awo anali ochepa zedi. Amene anazifalitsa ndi Asahi, pa Asahiflex IIB ya mu 1954, ndipo makampani onse anatsatira.

Linatsala vuto lina. Asahiflex unkaigwirira pamimba n'kumasuzumira kuchokera pamwamba, ndipo chithunzi chinkaoneka chotembenuka: mkwatibwi akamayenda kulowera kumanja, pagalasi akulowera kumanzere. Yesani kutsatira mwana wothamanga ndi kamera yotero, muona chizungulire. Mankhwala ake ndi kanundu kamene kali pamutu pa kamera yanuyo, pamene palembedwa mainawo. M'kati mwake muli galasi lolemera losemedwa mwapadera, lotchedwa pentaprism, limene limatembenuza kuwala kuti zonse zioneke mmene zilili, kamera ili padiso. Ajeremani a ku Dresden anali ataliyika kale mu Contax S mu 1949. Chimene Asahi anachita mu 1957 ndi kusonkhanitsa zabwino zonse m'thupi limodzi laling'ono: galasi limeneli, kalilole kobwerera kokha, chokokera cha chala chakumanja, kachogwirira kopinda kakumanzere kaja. Kamerayo anaitcha Asahi Pentax. Yang'anani makamera a filimu a zaka 30 zotsatira, a kampani iliyonse, muona kuti ziwalo zake zili m'malo omwewo.

Choncho Pentax poyamba linali dzina la mwana, osati la kholo. Koma monga kwathu kuno munthu akabereka amayamba kuitanidwa kuti bambo a uje, make uje, dzina lake lenileni n'kumazilala, zinateronso ku Tokyo. Makamera onse otsatira anatchedwa Pentax, ogula anaiwala za Asahi, ndipo mu 2002 kampaniyo inagonja n'kudzitcha Pentax Corporation. Kamera yanuyo ndi ya nthawi imene maina onse awiri ankayendera limodzi.

Ngati m'sutikesimo muli lenzi ina yolembedwa kuti Takumar, dzinalo ndi la m'banja. Linachokera kwa Takuma Kajiwara, mbale wake wa mwini kampani, amene anasamukira ku America n'kukhala wojambula zithunzi za anthu wotchuka mumzinda wa St. Louis.

Kamera imene inalemeretsa kampaniyi ndi Spotmatic, ndipo ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndiyo mayi wake weniweni wa K1000. Ana a masiku ano amene amajambula ndi foni sadziwa mantha amene wojambula wa filimu ankakhala nawo. Uli ndi zithunzi 36, kapena 24 ngati ndalama zavuta. Suona chilichonse mpaka filimu itatsukidwa, mwina patatha sabata, ukwati utatha kalekale, alendo atabwerera kwawo. Ukalowetsa kuwala kochuluka, diresi loyera limangosanduka chigamba chopanda maonekedwe. Ukachepetsa, nkhope zonse zimamira. Ndipo ife ojambula anthu akuda ovala zoyera pa dzuwa la October tinkakhala pakati pa moto ndi madzi, chifukwa diresi likufuna zina, nkhope ikufuna zina. Ojambula akale ankayenda ndi mita yapadera yoyezera kuwala, kapena ankangodalira kapepala ka m'bokosi la filimu ndi kuzolowera kwa diso.

Mu 1960, pa chionetsero cha Photokina mumzinda wa Cologne ku Germany, Asahi anaonetsa kamera yoyeserera yokhala ndi mita m'kati mwake, yoyeza kuwala kumene kwadutsa pa lenzi penipenipo. Anachedwa kuimaliza, moti Topcon anawapitirira mu 1963 ndi kamera yawo ya RE Super. Spotmatic inatuluka mu 1964, ndipo dzina lake linali litasanduka bodza pang'ono: spot m'Chingerezi ndi kadontho, ndipo poyamba ankafuna kuti iziyeza kadontho kamodzi pakati pa chithunzi, koma pomaliza anaona kuti anthu wamba azisokonezeka, n'kuipanga kuti iziyeza chithunzi chonse. Dzina lokha analisiya. Ogula sanadandaule. Topcon inali yodula ndi yolemera, Spotmatic inali yoti mphunzitsi kapena kalaliki atha kuisungira ndalama. Unkakankhira m'mwamba kaswitchi ka pambali pa lenzi, kasingano n'kuonekera m'kawindo, iwe n'kumapotoza mpaka kataima pakati. Inagulidwa m'mamiliyoni. Ku America inkagulitsidwa ndi kampani ya Honeywell, n'chifukwa chake mukadzaona yolembedwa kuti Honeywell Pentax pa kaunjika, imeneyonso si feki.

Apa m'pamene zaka zopala mandala zinabala zipatso. Malenzi a Super-Takumar mpaka lero anthu amawasakasaka kuti awamangirire pa makamera amakono. Ena mwa iwo, makamaka a 50mm f/1.4, galasi lake linasakanizidwa ndi mtundu wa chitsulo wotchedwa thorium, ndipo pakapita zaka limasanduka lachikasu ngati tiyi wopanda mkaka. Kuliyanika pa kuwala kwa dzuwa kwa masiku angapo kumaliyeretsako. Mu 1971 anayamba kukuta magalasi awo ndi timiyalo topyapyala tambiri toletsa kunyezimira, n'kulemba zilembo za SMC, zimene mwina zili pa lenzi ya bambo. Chaka chomwecho anatulutsa Electro Spotmatic, imene inkasankha yokha liwiro la shata. Mu 1969 anali atatulutsa chimkamera cha Pentax 6x7, cholemera makilogalamu opitirira 2 chikakhala ndi lenzi, cha ojambula a m'masitudiyo akuluakulu ndi m'magazini.

Koma pamene zinthu zinkakoma chonchi, chiswe chinali chitalowa kale m'nsanamira. Mukudziwa kuti mababu a magetsi alipo a mitundu iwiri, opotokola ndi a timapini tiwiri amene mumangokankha n'kupotoza pang'ono. Malenzi a Pentax anali opotokola, pa muyeso wotchedwa M42 umene anatengera ku East Germany. Ubwino wake unali woti malenzi a makampani ambiri ankalowana. Kuipa kwake, kusintha lenzi kunkatenga nthawi, ndipo lenzi yopotokola siima pamalo amodzimodzi ndendende nthawi zonse, motero n'kovuta kuti izilankhulana bwino ndi mita ya m'kamera. Minolta anali atasamukira ku mtundu wa timapini mu 1958, Nikon mu 1959 ndi kamera yawo ya Nikon F. Atolankhani, amene masekondi awiri ndi nkhani yonse, anakhamukira kwa Nikon, ndipo sanabwererenso. Asahi anakakamira zopotokola mpaka 1975. Ine ndimaona kuti kuchedwa kumeneku ndi kumene kunawachotsa pa mpando wa kutsogolo, ngakhale kuti zotsatira zake zinadzaoneka patapita zaka. Anali kugulitsa kwambiri moti sanaone chifukwa chosinthira.

Mu 1975 anasintha, n'kutulutsa makamera atatu a kamangidwe katsopano ka lenzi, ka timapini, kotchedwa K: K2, KX ndi KM. Analolanso makampani ena monga Chinon, Cosina ndi Ricoh kuti agwiritse ntchito kamangidwe komweko. Dzina la Ricoh mulisunge, tikumana nalonso.

Chaka chotsatira ndi chimene kamera yanu inabadwa, ndipo inabadwa ngati mwana wosayembekezeka. Maso a kampani anali pa MX ndi ME, timakamera tating'ono tokongola timene tinatulukanso mu 1976 kuti tipikisane ndi Olympus OM-1. Canon chaka chomwecho anatulutsa AE-1 yokhala ndi kakompyuta m'kati. K1000 inali ya anthu a ndalama zochepa. Anatenga KM, imene m'mimba mwake inali Spotmatic yakale ija, n'kuichotsa chilichonse chimene akanatha kuchotsa. Alibe kachitsulo kodzijambulira wekha kaja kamene umatchera n'kuthamangira pagulu. Alibe ngakhale switchi yozimitsira mita: chivindikiro cha lenzi ndicho switchi, mukachisiya chosatseka pamalo owala batire imangodyeka. Chotsala ndi liwiro la shata kuyambira sekondi imodzi mpaka 1/1000, kabowo ka lenzi kokuza ndi kuchepetsa, ndi kasingano kaja. Basi.

Makamera onse apamwamba aja anasiya kupangidwa m'zaka zochepa. Wosaukayu ndiye anakhala zaka 21, n'kugulidwa oposa 3 miliyoni. Ku America ndi ku Ulaya aphunzitsi a zojambula ankauza ophunzira awo kuti agule imeneyi, chifukwa siikuganizira, imakukakamiza kuti uphunzire. Kwa anthu ngati bambo anu chifukwa chinali china. Chilichonse m'kamera imeneyi chimayenda ndi masipulingi ndi magiya. Kabatire kamodzi ka LR44, konga ka muwotchi, ntchito yake ndi kugwedeza kasingano basi. Kakathera kumudzi, mtunda wa maola atatu pa njinga kuchoka pa sitolo yogulitsa mabatire, wojambula wa Canon AE-1 ankalongedza n'kupepesa eni ukwati, chifukwa shata yake siitseguka popanda magetsi. Wa K1000 ankangoyang'ana kumwamba. Filimu ya 100, dzuwa lili phwee, liwiro pa 125, kabowo pa 16. Pansi pa mtengo wa mango, kabowo pa 5.6. Ntchito n'kumapitirira.

Sikuti siinkalanga munthu. Pa gudumu la liwiro muona kuti nambala 60 ili ndi chizindikiro cha X pambali. Kumeneko ndi kumene muyenera kuika mukamagwiritsa ntchito fulashi, chifukwa mukapitirira pamenepo kansalu kaja sikatseguka konse nthawi imodzi, kamangodutsa ngati kampata kuchoka mbali ina kupita ina. Ine ndili mnyamata, ndikuphunzira kumene, ndinajambula panja pa 125, n'kulowa m'tchalitchi, n'kumangirira fulashi osabweza gudumu. Filimu itatsukidwa, zithunzi zonse za m'kati zinali zowala theka, theka linalo lakuda bii. Mkwati akumwetulira bwinobwino, mkwatibwi palibe, kwangotsala dzanja lovala mphete likutuluka mu mdima. Safunsa anadya phula. Ndinabweza ndalama, ndipo ankhoswe a kuchikazi sanandilonjerenso kwa chaka chathunthu.

Za kutsika kwa kampani ndidutsa mofulumira, chifukwa nkhani yake ndi yofanana ndi ya anzake ambiri. Mu 1980 anatulutsa LX, kamera yokongola zedi ya akatswiri, koma akatswiriwo anali atagula kale malenzi a Nikon ndi Canon odzaza zikwama. Mu 1981 Asahi anakhala kampani yoyamba kufikitsa makamera 10 miliyoni a mtundu wa kalilole uja, ndipo chaka chomwecho anatulutsa ME F, yoyamba ya mtundu umenewu ya filimu ya 35mm kugulitsidwa yotha kulunjika yokha kuti chithunzi chisachite chimbuuzi. Inali yochedwa, ndipo zimenezi inkazichita ndi lenzi imodzi yokha yonenepa yonyamula mabatire ake. Mu 1985 Minolta anatulutsa 7000 imene inazichita bwino, Canon anatsatira mu 1987 ndi EOS, ndipo Pentax, amene anayamba, anapezeka akuthamangira kumbuyo. Chinawasunga m'zaka zimenezo ndi timakamera ta m'thumba tapulasitiki, kuyambira Zoom-70 ya mu 1986, timene mabanja ankagula popita kokacheza. Timeneti ndi timene makamera a digito, kenako mafoni, anayamba kupha. Kamera yawo yoyamba ya digito yosinthika malenzi, *ist D, inatuluka mu 2003, Nikon ndi Canon atapita kale patali.

Mu 2007 kampani ya magalasi ya Hoya inagula Pentax, ndipo mu 2008 inaimeza kwathunthu. Chimene Hoya inkafuna kwenikweni si makamera, koma nthambi yopanga zida za chipatala, timapaipi tokhala ndi diso timene madokotala amaunikira nato m'mimba. Itatenga chimene inkafuna, mu 2011 inagulitsa nthambi ya makamera kwa Ricoh, yemwe uja anabwereka kamangidwe ka K, amene ambiri kuno timamudziwa chifukwa cha makina a fotokope. Kuyambira 2013 nthambiyo imatchedwa Ricoh Imaging.

Ndiye funso lanu loti kampaniyi ikadalipo, yankho lake ndi lakuti kampani ya Kajiwara ndi Matsumoto kulibenso, koma dzina la Pentax lili moyo m'nyumba ziwiri: pa makamera kwa Ricoh, pa zida za chipatala kwa Hoya. Poyerekeza ndi anzake, sinathe moipa. Konica ndi Minolta, amene Asahi ankawapalira malenzi aja, anaphatikizana mu 2003, ndipo mu 2006 anasiyiratu makamera n'kupereka ntchitoyo kwa Sony. Yashica, imene ojambula ambiri a m'mataunimu ankayenda nayo, inagulidwa ndi Kyocera mu 1983, ndipo Kyocera inasiya makamera mu 2005. Pentax ikupangabe makamera a kalilole pamene ena onse akuthawira ku opanda kalilole, ndipo kamangidwe ka K sanakataye. Lenzi ya bambo anuyo itha kulowa pa Pentax K-1 ya digito ya mu 2016 n'kujambula, kungoti muzilunjika ndi dzanja. Ndipo mu June 2024 anachita chimene ambiri sitinkayembekezera: anatulutsa kamera yatsopano ya filimu, Pentax 17, yokoka ndi chala monga kale, imene imadula chithunzi chilichonse pakati kuti filimu ya 36 itulutse zithunzi 72. Akatswiri achinyamata anachita kukafunsa nzeru kwa akuluakulu amene ankapanga makamera a filimu, chifukwa luso la magiya amenewa linali litatsala pang'ono kupita ndi eni ake.

Tsopano za kusunga kapena kugulitsa. Musanamizidwe ndi aliyense kuti mwatola chuma. Chinthu chimene chinapangidwa 3 miliyoni sichisowa. N'zoona kuti achinyamata a ku Ulaya, ku America ndi ku Joni ayambanso kukonda filimu, ndipo K1000 ndi imodzi mwa makamera amene amayamba kufunsa, moti mtengo wake unakwerako. Zolembedwa Asahi zachitsulo ngati yanuyi amazikonda kuposa za pulasitiki. Komabe ndalama yake si yogulira malo, ndipo wogula wa kuno akupatsani yochepa kuposa pamenepo, chifukwa filimu ndi malo otsukitsira zikusowa. Ine ndikanakhala inu sindikanagulitsa. Ngati pali mdzukulu amene amakonda kujambula ndi foni, kamera imeneyi imuphunzitsa za kuwala m'miyezi itatu zimene foni siingamuphunzitse.

Kaya musunga kaya mugulitsa, iyeseni kaye. Chitseko chili chotsekula, lozetsani kamera ku windo, muike gudumu pa 1, mudine: shata itseguke kwa sekondi imodzi n'kutsekeka yokha mosakakamira. Kwezani liwiro pang'onopang'ono mpaka 1000, kuwala kuzicheperachepera. Yang'anani m'mphepete mwa chitseko ndi pamwamba pa kalilole, pamene pali kasiponji kakuda. Pa msinkhu umenewu kamakhala katasungunuka n'kusanduka phala lomata. Imeneyo si imfa ya kamera, kamasinthidwa mosavuta. Tsekulani kachivindikiro ka batire kunsi ndi kandalama kachitsulo, ndipo ngati batire yakale ikadalimo, itayeni, muone ngati sinatuluke ufa woyera kapena wobiriwira. Kenako unikani lenzi ndi tochi ya foni. Fumbi lisakudetseni nkhawa. Choopsa ndi timizere toyera tonga ukonde wa kangaude m'kati mwa galasi: chimenecho ndi chuku, chimamera m'malo a mdima ndi chinyontho, ndipo chikakhalitsa chimadya galasi. Mafuta a makina osokera kapena opopera zitseko asayandikire kamera imeneyi. Makamera ambiri amene anandipeza atafa anaphedwa ndi munthu wofuna kuthandiza, osati ndi ukalamba.

Ngati munapezamo filimu, musaisiye pa dzuwa kapena m'galimoto. Funsani m'masitudiyo akale a ku Blantyre kapena ku Lilongwe ngati alipo amene akutsukabe, apo ayi mupatsire wachibale wopita ku Johannesburg kapena ku Cape Town, kumene malo otsukira alipo ndithu. Mitundu idzakhala itasuluka, koma nkhope zimatuluka. Ndipo mufufuzenso m'sutikesimo. Ojambula a nthawi imeneyo ankapereka zithunzi kwa makasitomala koma manegetivu ankasunga okha, m'maenvulopu kapena m'mabuku akale. Timizere tabulauni timeneto titha kusikanidwa n'kulowa m'kompyuta, ndipo mwina muli maukwati a theka la mudzi wanu, a anthu amene zithunzi zawo zinadyedwa ndi chiswe kalekale.

Kamerayo musaibwezere m'sutikesi pansi pa bedi, makamaka nthawi ya dzinja. Ikhale pa shelefu pamene pamadutsa mphepo, batire mutachotsa, lenzi itavindikiridwa. Kamodzi pa mwezi muziitsitsa, mukoke, mudine kangapo pa liwiro lililonse kuti mafuta a m'magiya asaume.